Zimene Ndinaona Pokusambitsani

Amayi, kwacha bwanji kumene muliko? Ndine Patuma, mwana wanu woyamba. Kuno tadzuka, Alihamdulillahi, kungoti dzuwa la chaka chino likutiwotcha ngati tinalilakwira.

Ramazani itatu yadutsa chichokereni inu, ine osakulemberani ngakhale kamodzi. Ndi ulesi womwe uja munkandinena nawo, sunathe. Lero ndakhala pansi chifukwa ndakulakwirani, ndipo ndikufuna muzimve kuchokera kwa ine mwini. Koma munkati mlendo satula nkhani yolemera asanamwe madzi, ndiye ndiyambe ndi za pakhomo.

Mdzukulu wanu Mariamu anachira nthawi ya mvula, mwana wamkazi. Tamutcha Asiyatu, dzina lanu. Chipumi ndi chanu chomwe, ndipo akakwinya nkhope tonse timayamba takhala chete kenako n'kuseka. Nandolo wachita bwino mpaka tinasowa poyanika. Chimanga ndiye iyayi, mbozi zinatithandiza kukolola. Njovu zinatulukanso kawiri, zinadya maungu a kumunda wa kumunsi n'kutisiyira mapazi okhaokha. Mbuzi yanu yakuda ikadalipo, yakalamba koma kuba sinasiye. Mng'ono wanu anakutsatirani chaka chatha mwezi wa kuzizira, ndikhulupirira munalandirana.

Tsopano za Twaibu, mzime wanu. Akusokabe pakhonde paja pa Ulongwe, akadali mkamwini kwawo kwa Halima, ndipo ana afika anayi. Azana ya pamzikiti wawo ankaitana ndi iye monga munamusiyira. M'mimba mwake mukukumbukira, muja munkati ndi njoka kuyambira ali kusukulu. Chaka chatha njokayo inakula. Ululu unkamugwira pamwamba pa mchombo n'kubowoleza kumsana, makamaka akadya. Ankakhala pansi n'kupinda msana, mutu pamaondo, ola lathunthu osayankhula. Anaonda mpaka thalauza lake anabweza yekha kawiri. Akadya za mafuta, chimbudzi chinkatuluka chamafuta, chonunkha modabwitsa. Pepani Amayi, ndikunena momwe zinalili. Kenako ludzu losatha, ndi kukodza pafupipafupi.

Tsiku lina la msika, m'mawa, ululu unamugwira akupita kuntchito. Pamene anagwera ndi pampanda wa nyumba ina yogulitsira mowa. Anakhala pomwepo atapinda msana, n'kusanza. Anthu a pa Ulongwe mumawadziwa, maso awo sagona. Dzuwa lisanafike pamutu, nkhani inali itafika kale kumzikiti kuti woitana azana wapezeka akusanza kumowa.

Ndinapita naye ine kuchipatala ngati gadiyani, chifukwa Halima anali ndi khanda. Kwathu kuno anangopeza shuga. Anatitumiza kuchipatala chachikulu komwe amapaka mafuta ozizira pamimba n'kumaunika m'kati, kenako ku Blantyre komwe munthu amagona n'kulowetsedwa m'makina. Dokotala amene anatifotokozera anali mayi wachitsikana, wolankhula mosathamanga. Anatenga pepala n'kutijambulira. Akuti kumbuyo kwa chifu kuli kapamba. Ine ndi changu changa ndinati kapamba ndimamudziwa, uja amatupa mwana akadwala malungo. Iye anati iyayi, ameneyo ndi wina, uyu ndi wamtali, wagona chopingasa pafupi ndi msana. Amatulutsa madzi ogaya chakudya, makamaka mafuta, komanso ndi amene amaletsa shuga kuchuluka m'magazi. Madziwo amayenda m'kanjira kopyapyala kamene kali pakati pake n'kukathira m'matumbo.

Tsono kapamba wa Twaibu wafota, watsala wochepa, pamene kanjirako katanuka, ndipo m'kati mwake muli timiyala. Akuti zimatero kapamba akakhala akutupa n'kuphwa, kutupa n'kuphwa, kwa zaka zambiri. Mnofu wabwino umatha, pamatsala zipsera, ndipo zipserazo zimakoka kanjira kaja. N'chifukwa chake mafuta ankangodutsa osagayika, n'chifukwa chakenso shuga.

Ndinafunsa chimene chimayambitsa. Anati chimene ankachiopa kwambiri, chimene anatitumizira ku makina aakulu aja, ndi chotupa. Chotupa chikamera kothira kanjirako chimatseka, madzi amabwerera, njira imatanuka ngati ngalande yotsekedwa kumunsi, kapamba n'kufota. Chimenecho sanachipeze, ndipo pomwepo ndinapuma. Miyala ya m'ndulu nayo imatha kutseka malo omwewo, koma ndulu yake inali yoyera. Mafuta ochuluka m'magazi anayeza, mulibe. Ukalamba umafotetsanso kapamba, koma Twaibu ngakhale imvi imodzi alibe. Fodya sasuta. Kenako anafika pa mowa, umene akuti ndi umene umamubweretsera anthu ambiri a matenda amenewa.

Anamufunsa katatu, Amayi, mosinthasintha. Kachitatuko Twaibu analephera kupirira. Anati, “Adokotala, ine ndine Msilamu, mowa sindidziwa kukoma kwake.” Dokotala anati, “Pepani bambo, funso limeneli ndimafunsa aliyense, ngakhale ashehe.” Anaonjeza kuti chiwindi chake sichikuoneka ngati cha munthu wakumwa. Ndiye anati kwatsala ziwiri. Alipo matenda a kapamba amene amayamba munthu ali mwana m'mayiko otentha ngati lathu, kawirikawiri kwa amene anakula chakudya chili chopereŵera. Ena amanamizira chinangwa, koma iye anati zimenezo sizinatsimikizike. Ndipo alipo oyenda m'magazi, ochokera kwa kholo kupita kwa mwana. Nthawi zina amafufuza mpaka kutopa osapeza chifukwa.

Atatero anakweza malaya a Twaibu n'kundiitana kuti ndione. Pamwamba pa mchombo ndi kumsana khungu linali lamawangamawanga, lakuda ngati ukonde. Anati zimenezi amaziona kwa anthu a ululu umenewu, chifukwa amadziwotcha ndi zinthu zotentha kuti apumuleko. Twaibu anavomera kuti amakulunga nsimbi yake yamakala m'nsalu n'kumadzisindikiza nayo. Kenako dokotala anafunsa kuti, “Kodi kwanu alipo wina amene anadwalapo chonchi?” Twaibu anati palibe. Dokotala anayang'ana ine. Inenso ndinati palibe.

Ndinanama, Amayi. Mawanga amenewo sikanali koyamba kuwaona.

Tsiku lija tinakusambitsani tinalipo atatu: ine, mng'ono wanu, ndi Abiti Mussa, agogo aja amasambitsa maliro a akazi m'mudzi muno. Tisanayambe, Abiti Mussa anatiyang'ana n'kunena kuti, “Chimene wosambitsa waona chimakulungidwa mu sanda. Sichituluka m'nyumba muno, ngakhale kwa mwamuna wako.” Tinavomera. Titachotsa nsalu ija munkamanga molimba nthawi zonse, ndinaona mawanga omwewo, pamimba ndi kumsana, akuda kuposa a Twaibu. Pamwamba pake panali mphini zosawerengeka, mizere pa mizere, zakale ndi zatsopano. Inu Amayi! Inu amene munkatsogolera akazi kumzikiti, amene munkadzudzula poyera aliyense wopita kwa asing'anga. Abiti Mussa anangothira madzi n'kupitiriza ntchito. Patapita masiku, ndikusesa m'nyumba mwanu, ndinapeza njerwa pansi pa bedi, yokulungidwa m'chitenje chopserera.

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake simunkasamba ndi anzanu kumtsinje, ndi kakhalidwe kanu kaja kopinda msana pamkeka mukuti mukupumula. Kuchipatala munkakana, mumati ndi zilonda za m'mimba basi. Chonsecho ndinu amene munkauza anthu kuti wobisa matenda maliro adzamuulula. Ndinakwiya nanu, ndinene zoona. Koma ndinasunga. Abiti Mussa ataona kuti ndasunga ananditenga kuti ndizisambitsa nawo, ndipo zaka zitatu zimenezi ndakhala dzanja lawo lamanja. Ntchito imeneyi ndinaikonda kuposa ina iliyonse imene ndagwirapo.

Tinabwerera kumudzi ndi jakisoni wa shuga, makapisozi omwera pa chakudya, ndi pepala la Chingerezi. Pepala limenelo ndi limene linatipha. Mchimwene wake wa Halima, Che Idrisa, uja ali ndi shopu ku Balaka, analitenga n'kulemba mawu ake pafoni. Foni inamuyankha mndandanda wa zoyambitsa, ndipo pamwamba penipeni panali mowa. Anaŵerengera abale ake mzere umenewo n'kulekera pomwepo. Akanatsitsa chala pang'ono akanaona zina zonse zija, koma munthu akapeza chimene amafuna sapitiriza kuŵerenga. Anaphatikiza ndi za pampanda paja, mlandu n'kupsa.

Akuluakulu a mzikiti anamuuza Twaibu kuti ayambe wapumula pa azana mpaka nkhani iyere. Apongozi ake anati iwo sangasunge pakhomo pawo munthu wovala mkanjo masana n'kumamwa mobisa. Halima anayesa kunena kuti zaka zonsezi sanamumvepo fungo, koma mchimwene wake anati akatswiri ake amadziwa kutafuna zofafaniza. Mkamwini mawu amawapeza kuti? Twaibu anamanga mutu wa makina ake panjinga n'kubwera kuno, n'kumagona m'nyumba mwanu. Ankhoswe anapangana tsiku loti akambe zomusudzula. Munthu wodwala, woti azidya pang'onopang'ono kangapo patsiku, anasiyiratu kudya chifukwa chosowa ana ake.

Tsiku lobwereza kuchipatala ndinamusiya panja n'kulowa ndekha. Ndinamuuza dokotala uja zonse za inu. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati sangalumbire, poti inu sanakuunikeni, koma zimene ndanenazo zikugwirizana kwambiri ndi matenda oyenda m'magazi. Anandifunsa chifukwa chake ndinabisa, ndipo nditamuuza za mwambo wa osambitsa sanandiseke. Anatilembera pepala lina lonena kuti matendawa ali ndi zoyambitsa zambiri, ndipo kuti pa Twaibu sanaone chosonyeza mowa.

Ndinadziwa kuti pepala lokha silikwana, ndiye ndinapita kwa Abiti Mussa kukapempha chilolezo. Anakana osaganizira n'komwe. Anati, “Wamoyo amadziyankhira yekha, wakufa alibe pakamwa. Ukufuna uwavule mayi ako pagulu?” Ine ndinati wamoyo uyunso amutseka pakamwa. Anati ngati ndi choncho apita nawo ku Ulongwe, osati kukandithandiza, koma kukandigwira mkono ndikayamba misala.

Tinakumana Lamlungu m'mawa pabwalo la apongozi ake a Twaibu. Amalume ndi amene anali nkhoswe yathu, ndipo anaŵerenga pepala la dokotala bwinobwino. Che Idrisa anangoseka. Anati madokotala amalemba chimene wawapempha. Kenako anati, “Chabwino, akuti zimayenda m'magazi. Kwanuko ndani anadwalapo? Mayi anu anafa ndi ukalamba, tonse tinalipo pamaliro.” Ndinayang'ana Twaibu. Anali atapinda msana, kaya ndi ululu kaya ndi manyazi. Ana ake anali atawatsekera m'nyumba, ndipo wamkulu uja ankasuzumira pazenera.

Ndinali nditakonza zoti ndikaitanira akazi okha pambali. Koma mtima wanga mumaudziwa, sudikira. Abiti Mussa anandigwiradi mkono, ine n'kuusolola. Ndinaimirira pamaso pa amuna ndi akazi n'kunena kuti mayi anga sanafe ndi ukalamba. Ndinanena za mawanga, za njerwa, za kupinda msana. Ndinanenanso za mphini, Amayi. Zimenezo ndikanatha kuzisiya. Koma ndinaona nkhope zawo kuti sakukhulupirira, ndipo ndinadziwa kuti palibe mwana angapeke zoterozo za mayi ake omubereka. Nditatha ndinapita pamene anakhala Twaibu n'kumukweza malaya ndekha kuti aone.

Apongozi ake anatembenukira kwa Abiti Mussa n'kufunsa ngati zimene ndanenazo ndi zoona. Agogo aja anakonza mpango wawo, osathamanga. Anati, “Ine sindinaone kanthu. Wosambitsa saona.” Kenako anati, “Koma mwana uyu ndayenda naye zaka zitatu, sindinamumvepo akunama.” Halima anadzuka osapempha kwa aliyense, anakatsegula chitseko, ana n'kuthamangira kwa bambo awo. Che Idrisa anayamba kufotokoza kuti iye amangoŵerenga zimene foni yanena. Mayi ake anamuuza kuti aiike m'thumba.

Pobwerera, m'minibasi, titaoloka mlatho wa pa Liwonde, Abiti Mussa anatembenukira kwa ine. Anati, “Mlongo wako wamupulumutsa, wachita bwino. Koma maliro sudzasambitsanso. Palibe mkazi angagone mwamtendere akudziwa kuti adzadutsa m'manja mwako.” Sindinatsutse, chifukwa akunena zoona. Mwezi watha kunachitika maliro a mkazi kuseri kwa dambo, ndipo ine ndinakhala panja ndi anthu ena onse. Zinandiwawa kuposa momwe ndinkaganizira.

Dzina lanunso lavulala, ndisakubisireni. Za mphini zanu zafika kuchitsime ndi kuchigayo. Ena amaseka, amati mlaliki uja ankadziwanso njira ya kwa asing'anga. Ndikawamva ndimafuna kuwathira madzi a mumtsuko, koma ndimakumbukira kuti amene anawapatsa nkhaniyo ndine. Akazi awiri anabwera padera, mosiyana masiku, kudzandiuza kuti sakanaganiza kuti munkapirira zotere muli kuwaphikira pa sadaka zawo, ndipo mmodzi analira.

Twaibu anabwerera kwa mkazi wake sabata yomweyo, ndipo patapita masabata awiri, pa mapemphero a Ijumaa, anamubwezera azana. Akudzibaya jakisoni yekha, makapisozi aja amapezeka mwa apo ndi apo, ndipo thupi layamba kubwerera pang'ono. Kapambayo akuti sadzameranso, chofunika n'kusamala chatsalacho ndi kumapita kukaunikidwa. Ululu ukadalipo, koma nsimbi Halima anamulanda. Chimene sindinayembekeze n'choti ineyo anasiya kundiyankhula. Anatuma mawu kwa amalume kuti kukanakhala bwino akanasudzulidwa kusiyana ndi kuti mayi ake avulidwe pabwalo chifukwa cha iye. Foni zanga sankayankha. Ndinati chibale ndi fupa sichiola, ndidikira, koma masabata asanu ndi limodzi ndi ambiri kwa munthu amene ndinamubereka kumsana.

Loweruka lapitali wabwera. Anatsamiritsa njinga pamtengo n'kukhala pakhonde la nyumba yanu, moni wake wa pakamwa pokha. Tinakhala nthawi yaitali tikuyang'ana nkhuku. Kenako anati, “Achemwali, Amayi ankalira?” Ndinati sindinakumvenipo ngakhale tsiku limodzi, chonsecho ndinkagona chipinda choyandikana ndi chanu. Anagwedeza mutu. Anati iye ululu umenewu akuudziwa, ndipo sakumvetsa kuti munthu angausenze bwanji zaka zonsezo n'kumapitabe kumunda.

Kenako anandikumbutsa chinthu chimene ine ndinali nditaiwala. Anati pa Idi iliyonse, nyama ikagawidwa, inu munkachotsa yonona yonse m'mbale mwanu n'kuika mwa iye, mukuti mzime adye akule. Anati, “Moyo wanga wonse ndimanyadira kuti Amayi ankandikonda kuposa nonse. Kani ankangoopa mafuta?” Anayesa kuseka koma sizinatheke. Ine ndinamuuza kuti pakhomo pano tinalipo ana asanu, mbale zinali zisanu, ndipo nyamayo inkapita m'mbale imodzi yokha. Pamenepo mwana wanu analira, Amayi, bambo wa ana anayi, kulira kumene sanalire pamaliro anu. Inenso ndinalira, ndipo sanachoke mpaka tinadyera limodzi.

Ndiye mlandu wanga ndi umenewo. Munabisa moyo wanu wonse, ine ndaulula m'mawa umodzi. Sindikunena kuti ndinachita bwino, komanso sindinama kuti nthawi itabwerera ndingakhale chete. Ngati mwakwiya, kwiyirani ine, Twaibu sanandipemphe. Tsiku la Kiyama ndidzayankha ndekha. Ndikukupemphererani dua pa swala iliyonse, kuti Allah akukulitsireni manda anu ndi kukupumitsani ku ululu umene sitinakuthandizeni kusenza.

Ndimakukondani, Amayi, ndi mphini zanu zomwe. Ndipo ndikukulonjezani ichi: wina aliyense wa mbumba yanu ndikadzamuona atapinda msana chifukwa cha m'mimba, sindidzadikira tsiku lomusambitsa. Ndidzamukweza malaya akadali moyo, n'kupita naye kuchipatala.

Ndine mwana wanu wa pakamwa posatseka,
Patuma